Kompyuta Imene Alamu Anagawana

Tsiku limenelo kunali mwera. Mphepo inkagwedeza malata a pakhonde, mafunde akumveka mpaka kumsewu, ndipo asodzi a ku Nkope anangokhala pamchenga kusoka maukonde. Sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire mkazi wanga, inali itangotha. Anthu atabalalika, anatsala alamu anga awiri, alongo ake a malemu, kuti agawe katundu. Ine ndinali mkamwini, pamudzi pa eni ake.

Mbale, zitenje, makina osokera, zonsezo sindinalankhulepo. Ndinapempha kompyuta yokha.

Kompyutayo anailumikiza yekha mwana wathu asanapite ku Joni, mayi ake atafa dzanja lamanja ndi sitiroko. Ine ndinkati angogula kabokosi ka magemu konga kamene kali m'mashedi a pamsika, kongolumikiza ku TV n'kuyamba kusewera. Iye anati, "Ababa, kabokosi kaja n'kosavutadi, koma kamabwera komata. Mumachita zimene iko kakufuna. Amayi akufunika chinthu chomvera iwo."

Anatolera zipangizo chimodzichimodzi, zina zotayidwa ku loji ya ku Nkopola kumene ankagwira ntchito. Mabatani onse anawasamutsira ku dzanja lamanzere, zilembo anazikulitsa, n'kuikamo gemu yolima.

Kompyutayo inali yovuta, ndisaname. Fumbi likalowa inkalira ngati chigayo, magetsi akathima inkachita makani kuyakanso. Koma m'menemo mkazi wanga, amene sankathanso kugwira khasu, analima dimba lake. Anadzala mbewu, anamanga khola, anakumba chitsime. Ndikamachokera ku mzikiti masana ankandiitana: "Bambo a mwana, dzaoneni maungu anga. Anu a kuseri aja afota ndi manyazi."

Nditaipempha tsiku logawa katundu lija, alamu aakulu anandiyankha akumangirira katundu pa njinga. "Alamu, inu ndinu munthu wa swala, wosachoka ku mzikiti. Magemu mugwirizana nawo pati? Ife tikaika m'shedi, ana azikasewera mpira."

Ndinawauza kuti imeneyi si yofanana ndi kabokosi ka pamsika. Anangoti zonse ndi magemu.

M'shedimo kompyuta inakana mpira. Mabatani anali osemphana, osewera ankaseka n'kumati kwabwera makina a munthu wamanzere. Alamu awiriwo anayamba kulozana zala, ndipo poona kuti imatseguka ndi sikuludiraiva, anaigawana ngati mbuzi ya pa Idi. Wamkulu anatenga sikirini ndi mawaya, wamng'ono bokosi ndi za m'kati. Kakanakhala kabokosi komata kaja, kakanapita kathunthu kwa mmodzi, ndipo ndikanadziwa khomo lokagogoda.

Mwana wanga anandiuza pa foni kuti ndisavutike ndi zonsezo. "Pemphani kachitsulo kamodzi kokha, kokula ngati chikhatho, kolemera. Dimba la amayi lili m'menemo."

Alamu aang'ono ndinawapeza kudooko akuyanika ukonde.

"Kolemera kaja? Ha! Ndiye kokhako kanatithandiza. Miyala inachepa, ndinakamangirira kumunsi kwa ukonde." Anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, chemwali wanga wagona kumanda, inu mukusaka maungu a mu TV? Dimba lopanda dothi?"

Anakakoka pakati pa miyala n'kundionetsa. Kanali kadzimbiri, mamba a usipa atakakamira m'mbali.

"Masulani ngati mukukafuna. Koma mundipezere mwala wina."

Ndinakagwira m'manja, madzi akutuluka pa kabowo. Ndinakasiya pomwepo.

Mwana wanga mpaka lero sayankha mafoni a amalume ake. Ine ndinakhala nthawi yaitali osawapatsa salamu ndikakumana nawo. Sanabwere kudzapepesa, ndipo sindikhulupirira kuti amaona chimene analakwa. Koma Ijumaa iliyonse, pa mapemphero a Lachisanu, timaima mzere umodzi, phewa kugunda phewa, ndipo ndinalephera kumagunditsa chipumi pansi ndili nawo chakukhosi.

Dimba lija silidzaonekanso. Ndinawakhululukira.