Ndinati "Si Ine", Iwo Anamva "Inde"

Anagogoda ku chitseko chakumbuyo, kumene magalimoto ankatsitsirako nsalu zakuda. Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Marichi, mu 1996. Amene ndinatsegula ndine, ndikuyesa kuti ndi dalaivala wabwera ndi mabulangete. Ndinapeza amuna asanu ndi mmodzi ovala majekete abuluu, a imigireshoni, ndipo kutsidya kwa msewu kunali munthu atasenza kamera paphewa.

Ndinkagwira ntchito pa kampani ina ya ku Alexandria, m'chigawo cha Virginia, yochapa zofunda za m'nyumba zosamaliramo okalamba. Mmalawi ndinali ndekha. Anzanga onse anali a ku El Salvador, Guatemala ndi Honduras, anthu olankhula Chisipanishi. Mmodzi mwa iwo anali mnzanga wa pamtima, wa ku Honduras, wakuda ngati ine ndemwe, msinkhu umodzimodzi, mpaka anzathu ankatiseka kuti ndife mapasa. Tsikulo sinali shifiti yanga. Mwana wake anadwala, ndiye ndinamulowera. Ndinavala malaya ake a ntchito amene anali pa msomali, olembedwa dzina lake pachifuwa, ndipo ndinadinda khadi lake lolowera ntchito, monga tonse tinkachitira tikamalowerana.

Anatikhazika pansi m'mizere, manja pamutu, makina akuzungulirabe. Mkulu wina wamagalasi ankayenda ndi pepala, akufunsa aliyense m'Chisipanishi. Atafika pa ine anawerenga pachifuwa panga, nayang'ana pepala lake, natchula dzina lonse la mnzanga uja ndi mawu ena ambiri amene sindinawamve. Chizungu ndimachidziwa, abale, ndinakhoza Fomu 4 bwinobwino. Koma pa nthawiyo chinangothawa chonse. Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi chiyankhulo cha amayi anga.

"Si ine! Si ine, bwana!"

Anagwedeza mutu, nachonga pa pepala, napita kwa wotsatira. Ine mtima unakhalako pansi, ndati wandimva.

Anatikweza basi ya mawaya m'mawindo, nkuyenda nafe maola atatu kulowera kummwera kwa Virginia, ku ndende ina ya kumidzi. Kumeneko anandimanga kachingwe ka pulasitiki pamkono, kolembedwa nambala ndi dzina la mnzanga. Chizungu chinali chitabwerera. Ndinauza msilikali wa ndende wolemba mayina kuti pachitika cholakwika, ine ndine munthu wina, wa ku Malawi, ndipo mapepala anga ndi abwino.

"Aliyense muno ndi munthu wina," anatero osandiyang'ana. "Vula malamba."

Mapepalawo analikodi, koma ali mu sutikesi kunsi kwa bedi, okutidwa m'jumbo pamodzi ndi mtchatho wathu wa ukwati. Kwathu tinaleredwa kuti pepala lofunika suyenda nalo, ungalitaye. Pa khoma panali foni, koma inali yoti woyankhayo avomereze kaye kuti alipira. Ife tinkachita lendi chipinda m'nyumba ya mwini, ndipo mwini nyumbayo anatseketsa mafoni otere. Ndinaimba kasanu ndi kawiri tsiku loyamba. Nambala ina m'mutu ndinalibe, zonse zinali m'kabuku ka mkazi wanga.

M'selo ndinapezamo bambo wina wa imvi, wa ku El Salvador, amene anagwidwa sabata yapitayo akutsuka mbale mu lesitilanti ku Annandale. Kwawo anali mphunzitsi, anathawa nkhondo. Onse ankawatchula kuti Aphunzitsi, ine ndinatengera pomwepo. Chizungu chawo chinali chapang'onopang'ono koma chomveka. Nditawafotokozera, anandifunsa kuti, "Mawu enieni amene munayankha ndi otani?"

Ndinawabwerezera. Anatseka maso, mapewa nkuyamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka.

"Pepani, m'bale wanga, si zoseketsa. Kwa ife 'si' ndiye kuti inde. Anakufunsani ngati ndinu munthu ameneyo, ndiponso ngati mukudziwa kuti woweruza analamula kale kuti muchoke m'dziko muno. Amafunsa choncho aliyense wa pa pepala lija. Inu mwavomera kawiri."

Ndi mmene ndinadziwira kuti mnzanga anali ndi chigamulo chomubweza kwawo, ndipo chigamulocho tsopano chinali pamkono panga. Wokhala nacho sakaonekeranso kwa woweruza. Amangodikira ndege.

Lachitatu, 6 koloko madzulo, tinadzionera pa TV ya m'chipinda chodyera. Nkhani za Chizungu zinationetsa tikutuluka m'kampani muja mitu ili pansi. Ndinadziona ndekha kwa kanthawi kochepa, wachitatu pa mzere, malaya a mwini ali pathupi. Wowerenga nkhani anati agwira anthu a ku Latin America ozembera malire. Palibe amene anatchulidwa dzina. Kenako panabwera wandale wina akuloza chala, kenako za nyengo.

"Mwaona?" anatero Aphunzitsi. "Chaka chino nchachisankho. Kamera inafika basi isanafike. Ndakhala zaka khumi ndi chimodzi m'dziko muno, ndipo pa bokosi ili ndaona anthu anga akutchetcha kapinga, akukolopa, kapena ali m'maunyolo. Mphunzitsi sindinamuonepo. Munthu woika maliro a amayi ake pa foni sindinamuonepo."

Mmisiri wina womanga nyumba, wa ku Guatemala, anakwera pa benchi nasintha kupita ku tchanelo ya Chisipanishi. Kunali sewero la chikondi, akazi a tsitsi lofiirira akulira m'nyumba zazikulu. Ndinati, "Koma iyi ndiye yanu."

"Yathu?" Aphunzitsi analoza nkhope yawo. "Dikirani muone. Wofanana ndi ine alowa atanyamula thireyi ya khofi. Wofanana ndi inu, kapena ndi mnzanu wa ku Honduras uja, salowa nkomwe. Nchifukwa chake mkulu wamagalasi sanakuyang'aneni kawiri. Anali asanaonepo wakuda wa kwathu, ndiye woyamba kumupeza anangoti ndi yemweyo."

"Aphunzitsi, tisiyeni tionere!" anakuwa mmisiri uja. "Ndale zanuzo nzimene zinatithawitsa kwathu. Ine ndikufuna ndione nyumba yokongola, basi."

Ine ndinakulira pa wailesi imodzi, ya chipani chimodzi, ndipo ndinkati kuno kuli matchanelo ambirimbiri, choonadi sichingasowe polowera. Ndinawauza zimenezo Aphunzitsi. Anati chokhacho chimene amachikhulupirira ndi kawailesi kena kakang'ono ka Chisipanishi ka mumzinda, kosamveka bwino mvula ikamagwa. M'mawa uliwonse kankawerenga mayina a ogwidwa, limodzilimodzi, kuti abale awo adziwe. "Amalengezanso za mankhwala a dazi ndi maloya abodza," anatero, "koma mayina amawerenga." Ine sizinandithandize kumva zimenezo. Dzina langa silinali pa mndandanda uliwonse.

Lolemba, tsiku lachisanu ndi chiwiri, anandiitana ku kachipinda kopanda windo. Anali mkulu wamagalasi uja. Anandilankhula m'Chisipanishi, ine nkuyankha m'Chizungu. Ndinamuuza dzina langa, mudzi wanga, boma langa, dzina la mkazi wanga ndi kumene ankagwira ntchito yosamalira odwala. Ndinamufotokozera za mawu aja. Ndinafika mpaka pomuimbira nyimbo ya fuko lathu, ndime yoyamba yonse, munthu wamkulu ndevu pepeya. Anandisiya ndimalize.

"Chabwino," anatero. "Ngati suli iyeyo, iyeyo ali kuti?"

Ndinkadziwa. Keyala imene iwo anali nayo inali yakale. Mnzangayo anali atasamukira ku chipinda chapansi pa nyumba ina ku Annandale, ndipo ndinadyako Khrisimasi, nsomba yophika ndi kokonati, mwana wawo ali pamwendo panga. Ndinati sindikudziwa.

"Ndiye kuti ndiwe," anatero, natseka faelo.

Aphunzitsi anati ndachita bwino. "Musasayine kanthu, musatchule munthu. Akatopa adzayang'ana zidindo za zala." Ndinawafunsa kuti amatopa pakapita masiku angati. Anatembenuka nayamba kuyala bulangete lawo.

Ndege inkanyamuka Lachinayi lililonse. Lachinayi la sabata yachiwiri, titangomwa tiyi, msilikali anaima pakhomo nawerenga mayina. Dzina lachinayi pa mndandandawo linali la Aphunzitsi. Anapinda bulangete lawo bwinobwino ngati alendo, nandisiyira sopo ndi masokosi. Pa mudzi wawo, anandiuza kale, panalibenso munthu wawo wamoyo. Anandigwira dzanja nati, "Limbani." Msilikali anati, "Tiyeni, si ukwati uno." Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsikulo sindinadye.

Masiku otsatira ndinalibe wolankhula naye. Ndinkalemba timapepala ta madandaulo nkuponya m'bokosi la pakhoma, limodzi m'mawa uliwonse. Ndinkaganiza za mkazi wanga, kuti mwina akundifuna m'zipatala. Ndinkadziyerekeza ndikutsika ndege m'dziko limene sindinkadziwa ngakhale moni wake, ndilibe pasipoti, ndili ndi dzina la mwini. Ndani akanadziwa kumene ndapita? Ndinaopa, ndinene zoona. Ndinaopa kuposa mmene ndinaoperapo chinthu chilichonse.

Lolemba, tsiku la khumi ndi chinayi, mkulu uja anabweranso.

"Uli pa ndege ya Lachinayi," anatero.

Ndinafunsa kuti ndikatani ku Honduras.

"Ukawafotokozera akumeneko. Ukawaimbirenso nyimbo ija." Anaika pepala loyera patebulo. "Mawa ndibwera nthawi ngati ino. Ine ndikufuna munthu mmodzi wa dzina ili, iwe kapena iye, kwa ine nchimodzimodzi."

Lachiwiri anabweradi. Cholembera chinali chabuluu, chomangirira ku tebulo ndi katcheni. Ndinalemba dzina la msewu, nambala ya nyumba, ndi kuti khomo lake ndi lakumbuyo, lotsikira masitepe anayi. Anawerenga, napinda pepalalo, nati, "Zikomo." Zonse zinatenga mphindi zosakwana zisanu.

Lachinayi anawerenga mayina, langa lobwereka lija panalibe. Lachisanu masana, tsiku la 18, msilikali anadula kachingwe ka pamkono ndi lumo, nandipatsa jumbo ya zovala zanga. Malaya aja anali momwemo. Pa kauntala anandipatsa pasipoti yanga, ndipo palibe amene anapepesa kapena kufotokoza. "Uziyenda ndi mapepala," anatero msilikaliyo.

Panja ndinapeza mkazi wanga ndi m'busa wa mpingo wathu, amene anabweretsa galimoto. Mkazi wanga anali ataonda. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, akungoti, "Ndinu? Ndinu ndithu?" M'galimoto anandifotokozera. Masiku atatu anazungulira ku polisi, m'zipatala, mpaka ku mochale, ndipo konse ankamuuza kuti dzina limenelo palibe. Anaimbanso kwa a imigireshoni, yankho nkukhala lomwelo.

"Lachisanu la sabata yoyamba m'mawa kunagogoda mkazi wa mnzanu uja, mwana ali m'manja," anatero. "Akuti anamva dzina la mwamuna wake pa wailesi yawo ija, kuti ali m'ndende, chonsecho munthuyo ali pambali pake akudya. Mnzanuyo anadziwa pomwepo kuti ndi inu. Ndi iyeyo anamutuma, anamulembera papepala dzina lake lonse kuti tikakufunseni ndi limenelo. Pakanapanda iwo aja, bambo, sitikanakupezani."

Ndinafunsa kuti pasipoti anaipereka liti.

"Lachitatu la sabata yatha. Tinapita ndi loya wa ku tchalitchi, tinaipereka m'manja mwa mkulu wina wamagalasi. Anati tidikire, akufufuza."

Ndinawerenga masiku pa zala, manja ali pakati pa maondo. Pamene ankandiuza za ndege ya Lachinayi, pasipoti yanga inali itagona kale masiku asanu m'dirowa yake.

"Nanga mnzangayo ali kuti?"

M'busa anayang'ana mkazi wanga pa galasi. Mkazi wanga anati, "Anamutenga dzana, m'mamawa. Sankatuluka m'nyumba chichitikireni zija. Analowera khomo lakumbuyo ngati anthu odziwa. Kaya anadziwa bwanji."

Ndinayang'ana panja. Tinali tikudutsa minda ya anthu, ng'ombe zikudya. Ndinati mutu ukundiwawa.

Lamulungu ku tchalitchi anandiimika kutsogolo, amayi akuimba ndi kululuta, ati Mulungu watulutsa Yosefe m'dzenje. Nditatuluka ndinapeza mkazi wa mnzanga uja ataima pa masitepe, wakwera mabasi awiri ndi mwana. Anandikumbatira akulira, nati m'Chizungu chake chochepa, "Bola mmodzi watuluka." Anapepesa, mayi uja. Anandipepesa ine, chifukwa cha malaya.

Mkazi wanga ndinamuuza patapita zaka zinayi. Anati, "Mukanatani?" Funso limenelo ndimalidziwa, ndalizunguza mbali zonse, ndipo silinandigonetsepo tulo. Ena amati anandipusitsa, mlandu si wanga. Nzoona anandipusitsa. Koma dzanja limene linalemba za masitepe anayi lija ndi langa.

Anthu akamandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji nditatuluka, ndimati unakoma, chifukwa ndi zimene amafuna kumva. Ndakhala mfulu zaka zonsezi. Ndakwera sitima ya pansi pa nthaka kupita kulikonse kumene ndafuna, ana anga aphunzira, kumudzi ndapitako nkubwerako. Mkazi wa mnzanga uja anasamuka chaka chomwecho cha 1996, ena amati anapita kwa mchemwali wake ku dera lina. Ndinali ndi miyezi isanu ndi iwiri yoti ndimuuze asanasamuke, ndipo ndinkadziwa bwino khomo lake. Sindinapiteko.