Dzanja limene linakana kuloza

Ntchito ndinaipeza kudzera mwa amayi a kumpingo, mwana wanga Lusekelo atamwalira. Ndinali nditasiya kupita kumunda wa mpunga ku Wovwe, ndikungokhala pakhonde. Anandiuza kuti ku Karonga boma, mu holo ya tchalitchi, anthu othawa kwawo ku Congo ndi ku Burundi amaphunzira Chingerezi, ndipo akufuna mayi wosesa, wopukuta bolodi ndi kuphika tiyi.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Aphunzitsi a Kaira nawonso Chifalansa, chimene ophunzirawo ankalankhula, ankachidziwa chochepa, choncho ankaphunzitsa ndi masewero. Anali ndi katoni ya zipangizo: chikwama chakale, loko wothyoka, chingwe, ndi chikwanje chodula pa katoni. Sabata yoyamba anandiuza kuti, "Mama, kusesa aliyense angasese. Ine ndikufuna munthu wosewera. Mukatha, ntchito ndi yanu."

Tinafika pa mawu a milandu, ndipo woberedwa ndinali ine. Wina akasolola chikwama ndikuyang'ana kumbali, aphunzitsi ankalemba thief. Akandiopseza ndi chikwanje, robber. Akalowera pawindo ine nditatsinzina pabenchi, burglar. Ophunzira ankaseka kwambiri. Mkulu wina wa ku Congo, a Kabeya, ankati m'Chichewa chawo chothyoka, "Mama, iwe kuberedwa tsiku lililonse, chikwama osatha!" Nanenso ndinayamba kuseka, koyamba chiikire maliro.

Tsiku lovuta linali la mawu akuti suspect. Aphunzitsi anaimika pakati mnyamata wamtali dzina lake Patrice. Anauza ena kuti amuzungulire. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mama, chikwama chasowa. Simunaone wotenga. Mungoloza uyu, enawa akuwe."

Anzake anayamba kale kukuwa thief, thief, akumenya mabenchi, wina atanyamula chingwe. Patrice ankaseka. Dzanja langa linakana kukwera. Lusekelo anafera ku Ngara motero. Ukonde unasowa padooko, munthu wina anamuloza, anthu anatola miyala ndi nkhafi. Ine ndinafika atamufunditsa kale chitenje. Amene anatenga ukondewo sanadziwike mpaka lero.

Ndinatuluka n'kukakhala kuseri pafupi ndi mbaula, ndikudziwa kuti ntchito yatha. A Kabeya ananditsatira. Sanafunse kanthu. Anangokhala pa njerwa n'kundipepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, mama." Aphunzitsi atabwera, nkhope ili gwa, ndinawauza zonse.

Aphunzitsi anati, "Pepani chomene, mama. Sindinadziwe. Sewero ili tilisiye."

Ndinawafunsa kuti mawu amene ankafuna kuphunzitsawo amatanthauza chiyani. Anati ndi munthu amene akungoganiziridwa, amene palibe khoti lamupeza wolakwa. Ndinawapempha abwereze. Anabwereza.

"Ndiye tisalisiye," ndinatero. "Koma kuloza aloze wina."

Analoza a Kabeya. Phokoso litayamba, ine ndinalowa pakati n'kuima kutsogolo kwa Patrice, manja nditatambasula. Aphunzitsi analemba mawu aja pabolodi, ine n'kuwatchula mokweza monga ndinawamvera. Palibe anaseka. Mayi wina wa ku Burundi anaphimba nkhope ndi mpango, ndipo ndinadziwa kuti si ine ndekha amene ndinafikapo mochedwa.

Ntchito sinathe. Magulu amabwera n'kupita, ndipo gulu lililonse sewero limeneli timalichita, ine ndili pakati. Bolodi ndimapukuta ndine, koma mawu amenewo ndimawasiya mpaka mawa lake.

Chimene ndinasunga n'chakuti chala chimapha msanga kuposa mwala, ndiye changa sindilozera munthu. Chingerezi sindinachidziwebe. Koma ndikapita kwathu, wina akanong'ona kuti uyo ndi make wa wakuba uja, ndimaima n'kumuyang'ana. Mwana wanga sanaweruzidwe. Anafa ali suspect, ndipo mawu amenewo ndimawatchula bwinobwino.