Foni ya Gwakisa Inatsalira ku Zambia

Kuno kumsika wa Mwanjelwa, mumzinda wa Mbeya, ukafunsa wokonza mafoni, aliyense amakulozera kwa m'bale wake. Koma foni ikataya netiweki, ngakhale okonza anzake amakunong'oneza kuti, "Pitani kwa Subi." Dzina lake lonse ndi Subilaga, koma pamsika ndani ali ndi nthawi yotchula zonsezo? Ine ndimakazinga tchipisi cha mazira pafupi ndi kashopu kake, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano, ndiye za mkazi ameneyu musandiuze, ndikuuzeni ndine.

Ntchito anaphunzira kwa malemu bambo ake, omwe ankakonza mawailesi. Atamwalira, abale anagawana mbuzi ndi malata, iye n'kungotola bokosi la zipangizo. Anthu anamuseka kuti mkazi wamutu bwanji uyu. Lero ena mwa oseka aja amaima pamzere, mafoni ali m'manja, nkhope zili pansi.

Okonza ena foni ikangofika, basi aitumbula kale, kenako n'kukuuza kuti kachipangizo ka netiweki kapsa. Subi ayi. Amaigoneka patebulo n'kuyamba kukufunsa ngati kuchipatala: yagwa liti, anaigwira ndani, mwayenda nayo kuti. Ukayamba kuzungulira amakudula. "Foni sinama, amanama ndi mwini wake." Ena amakwiya, koma mawa lake amabweranso ndi foni ya akazi awo.

Tsono mkazi wanzeru chonchi anali ndi kupusa kumodzi: ankakonda Gwakisa, wogulitsa mpunga wa ku Kyela, amene akazi ake anamwalira zaka zinayi zapitazo. Sanandiuze, koma ine ndili ndi maso. Gwakisa akangotulukira, Subi ankaitanitsa tiyi wa anthu awiri ndi mandazi. Mwamuna uja n'kumwa, n'kuthokoza kuti "dada, Mulungu akudalitse," n'kumapita. Paja kwathu kuno dada ndi mchemwali, kaka ndi mchimwene. Munthu wabwino zedi, koma maso ake amangoona matumba a mpunga. Ndinamuuza Subi kangapo kuti manyazi anapha lambe, iye n'kumati ndisamale mafuta anga asapserere.

Loweruka lina mu Juni, nthawi itangokwana leveni koloko, Gwakisa anafika thukuta lili kamukamu, chonsecho ku Mbeya kukuzizira mpaka m'mafupa.

"Dada Subi, ndipulumutse. Foni ilibe netiweki chiyambire Lachinayi. Ndapita kwa okonza awiri, onse akuti kachipangizo kapsa, ndidikire Lolemba."

"Ndiye Lolemba lavuta pati, kaka? Mpunga suwola."

Gwakisa anakanda m'mutu, n'kuseka ngati mwana wa sukulu. Akuti anafunsira mbeta ku Sumbawanga, mayi wina wosoka zovala dzina lake Beata. Mayiyo anamuuza kuti asamuimbire ngakhale kamodzi, aimba yekha Loweruka thwelofu koloko kudzapereka yankho. "Ndipo mkazi ameneyu sagogoda kawiri. Akapeza foni yotseka, aziti ndathawa."

Ndinayang'ana Subi. Nkhope yake sinasinthe, koma kasikuludiraiva kamene kanali m'manja anakaika pansi pang'onopang'ono. Ine mtima unandipweteka, sindibisa.

"Mwayenda nayo kuti?" anafunsa.

"Palibe. Kunyumba, kumsika, basi."

"Kaka, ndati mwayenda nayo kuti?"

"Aaa, Lachitatu ndinaoloka ku Nakonde kukasiya mpunga. Koma sinagwe."

"Anaigwira ndani kumeneko?"

"Msuweni wanga. Anaikamo simukhadi ya ku Zambia, n'kudinadina kuti igwire msanga. Pobwerera ndinabwezeramo yanga."

Subi anangoti, "Mhm." Ine kamhm kameneka ndimakadziwa. Matenda anali atawapeza.

Pomwepo wina anakuwa kutsidya la msewu kuti ngolo ya mpunga ya Gwakisa yatseka njira ya bajaji, tinjinga tamoto ta matayala atatu tonyamula anthu, ndipo mwini ngoloyo anathamangira komweko. Ine ndinasiya chiwaya changa, n'kusuzumira pawindo la Subi. Ndikuvomera, Satana wa tsikulo ndinali ine.

"Dada, muuze kuti Lolemba. Enawo anena kale Lolemba, iwe ungokhala wachitatu. Ndani adzadziwe?"

"Pitani mukatembenuze mazira, Mama Furaha."

"Zaka zinayi ukumumwetsa tiyi munthuyu. Tiyi ameneyu akamuyamike wa ku Sumbawanga?"

Subi anakhala foni ili m'manja, akungoipukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, galasi loti linali loyera kale. Wina anabwera ndi tchaja yoduka, iye n'kumuuza kuti abwere masana. Nthawi ikupita. Ine ndinayamba kukhulupirira kuti mwina lero mkaziyu achenjerako.

Gwakisa anabwerera kutatsala mphindi khumi. "Bwanji, dada? Yafa?"

Subi anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anapumira m'mwamba.

"Sinafe. Palibenso chapsa. Foni yanuyi thupi lili ku Mbeya, koma mtima unatsalira ku Zambia."

Anamuonetsa pagalasi. Msuweni uja anaiuza foni kuti isamasankhe yokha netiweki, izingofuna ya ku Zambia basi. Inu a kumalire mumakonda zimenezi, anatero Subi, mumaimangirira foni ngati mbuzi pachikhomo, pochoka n'kuiwala kuimasula. Ndiye masiku atatu onsewa yakhala ikusakasaka Zambia pakati pa Mwanjelwa. Anadina kawiri, n'kuizimitsa, n'kuiyatsanso. Tonse atatu tinaweramira pakagalasi kaja. Kamzere kamodzi, tiwiri, kenako tonse tinayi tinaima njo.

"Basi? Zomwezi?" anafunsa Gwakisa.

"Zomwezi. Ikani m'thumba, musaidinenso."

Thwelofu koloko inakwana, foni ili zii. Mphindi imodzi, ziwiri, zitatu. Gwakisa anayamba kuyendayenda, ine mumtima ndikupemphera pemphero loti sindingalinene kutchalitchi. Pa mphindi yachinayi inalira.

Gwakisa anapita nayo kuseri kwa shopu ya nsapato, chala chili m'khutu linalo. Mawu sitinawamve, koma msana wa munthu umalankhula. Anayamba wawerama, kenako anawongoka, kenako anayamba kugwedeza mutu ngati mayiyo akumuona. Pobwera mano onse anali pamtunda.

"Wavomera, dada! Ukadapanda iwe, ine lero ndikadataya mkazi. Paukwati ukhale kutsogolo, pafupi ndi mayi anga."

"Ndidzabwera, kaka," anatero Subi. "Mukampatse moni mlamu wanga."

Gwakisa anamugwira chanza ndi manja awiri, n'kuthamangira kungolo yake, akuimbira kale abale ake a ku Kyela. Subi anamuperekeza ndi maso mpaka anakhota pakona. Ine ndinali nditakonzeka kumulalatira, mawu ali kale pakamwa, koma anayamba ndi iye.

"Mama Furaha, ndikazingireni tchipisi. Tsabola achuluke."

Subi sadya tsabola, ngakhale wonunkhiza chabe. Ndinamuthirira masupuni atatu. Anadya atatembenukira kukhoma, misozi ili chuchuchu, akudandaula mokweza kuti tsabola wanga wafika poipa masiku ano. Ine ndinaima pawindo lake, n'kumauza aliyense wobwera ndi foni kuti wokonza ali pa chakudya, adikire kaye.