Ng'ala ya Apongozi

Nditakwatiwa ku Mlare, ine mwana wa ku Dedza, chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa chinali kuthawa. M'banja la Chinkhonde mtengwa saonana maso ndi apongozi aamuna. Akatulukira m'njira, umadziphimba nsalu kumutu n'kulowa m'nthochi. Ndinathawa choncho zaka zinayi.

Kenako amuna anga anapita ku Joni, makalata n'kusiya kubwera. Apongozi aakazi anamwalira. Sindinalire mokwanira; mumtima munangoti zii. Chaka chomwecho maso a apongozi aamuna anayera ngati mkaka. Panalibenso wina wowagwira dzanja. Akuluakulu anati, "Poti saona, mtengwayu awasamalire."

Ndiye ndinkakhala nawo pakhonde, ine ndikupeta mpunga, iwo akuseka Chinkhonde changa chopotoka. Ankati ndimayenda ngati ng'ombe, amandimva ndisanafike. Pamudzi ponse, munthu wocheza nane anali iwo okha.

Ndine ndinawatengera kuchipatala, khadi lachipani lili m'thumba. Wothandiza adokotala anawaunika ndi tochi. "Mayi, uku si kulodzedwa. Ndi ng'ala. M'diso muli kagalasi kamene kamachita chifunga munthu akamakalamba. Yapsa kale iyi. Dokotala wa maso akabwera aichotsa, bambowa aonanso."

"Aonanso?" ndinafunsa.

Iye anayesa ndasangalala.

Atawachita opaleshoni anagona chagada masiku angapo, osaloledwa kugwedeza mutu. Ndinkawamwetsa phala ndi supuni. Tonse tinkadziwa chimene chikubwera, koma sitinachitchule.

Tsiku lochotsa bandeji, namwino anabwera ndi magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Asanayambe, apongozi anafufuza dzanja langa.

"Mama, imwe muli pano?"

"Ndili pano, tata."

"Ndiuzeni, ndinu wamtali kapena wamfupi?"

"Wamfupi."

"Ndimayesa choncho." Anandisiya dzanja. "Basi, pitani."

Ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa chitseko. Ndinawamva akuwerenga zala za namwino, akuseka, akutchula mtundu wa bulangete. Ine mumtima sindinamve kanthu, ngakhale chisoni. Ndinangoona kuti ndadziphimba kale nsalu kumutu.

Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, akuona bwino. Chakudya ndinkasiya pakhomo n'kubwerera. Nthawi zina ndikamadutsa kuseri kwa nyumba ankatsokomola, n'kunena mokweza ngati akuuza nkhuku, "Ng'ombe ija ikudutsa."

Sindinkaloledwa kuyankha. Ndinkangoponda mwamphamvu.