Tsiku Limene Achimwene Anabwera pa Ndege

Achimwene anga anathawira ku Zambia ine ndili kamtsikana. Ankaphunzitsa pasukulu ina ku Dowa, ndipo wina anakawanenera kuti anyoza boma. Sanatsanzike. Patapita nthawi tinamva kuti ali ku Lusaka, ndipo kwathu dzina lawo tinkalitchula monong'ona.

Zipani zambiri zitaloledwa, anatumiza uthenga kuti akubwera pa ndege. Bambo anali atamwalira, amayi atakalamba n'kuchita khungu. Choncho wokawachingamira kubwalo la ndege ku Lumbadzi ndinali ine, ndili kale mayi wa ana anga.

Ndinawazindikira ndi kayendedwe, chifukwa mutu wonse unali imvi. Titapatsana moni, anakhala pabenchi panja, chikwama chili pamiyendo.

"Mwatopa, achimwene?" ndinafunsa.

"Nditope ndi chiyani, mlongo wanga? Atipatsa tiyi titangonyamuka. Ndisanamalize kumwa, akuti mangani malamba, tikutera. Ola limodzi ndi kanthawi pang'ono basi." Anapukusa mutu. "Zaka zonsezi ndimadziuza kuti kwathu n'kutali."

Inali nyengo ya mvula. Minibasi inatisiya pa Mponela, ndipo tinakwera matola ya ku Ntchisi, titakhala pamwamba pa matumba a feteleza. Galimoto itatitimira m'matope, achimwene anavula nsapato, n'kupinda thalauza, n'kumakankha nawo. Ena ankadandaula za msewu, koma iwo ankangoyang'ana mapiri ndi minda ya fodya, akundifunsa za anthu a kumudzi. "Uje alipo? Nanga uje?" Kawirikawiri yankho langa linali lakuti anatisiya.

Tinafika dzuwa litapendeka. Amayi anali pakhonde. Achimwene anagwada pafupi nawo, ndipo amayi anawasisita kumaso ndi manja onse awiri, mpaka m'makutu. Sanalire.

"Wayenda bwanji, mwana wanga?" anafunsa.

"Pa ndege, amayi."

"Ndiye kuti n'kutalidi. Bambo ako akudwala ankakuitana. Ine ndinkawauza kuti mwana ali kutali, sangafike. Kodi ndinkawanamiza?"

Achimwene anandiyang'ana. Ine ndinaweramitsa mutu.

"Simunawanamize, amayi," anatero. "N'kutali kwambiri."

Amayi anaika dzanja paphewa pa mwana wawo. Kenako anandiuza kuti ndikagwire nkhuku.

M'mawa mwake amalume anaperekeza achimwene kumanda a bambo. Atabwerako anatenga khasu n'kutitsatira kumunda. Manja anatuluka matuza tsiku lomwelo, koma sanasiye, ndipo anakhala nafe mpaka chimanga chitamasula.

Pamapeto pake anabwerera ku Lusaka, kumene kunali mkazi wawo ndi ana amene anali asanapondepo ku Ntchisi. Analonjeza kuti adzabwera nawo sukulu zikadzatsekera. Amayi ankaloweza mayina a adzukuluwo, ndipo akaiwala ankandifunsa ine. Anamwalira chaka chotsatira, asanawagwire m'manja.