Miyala ya Sikelo ya a Banamali

Mumsika wathu wa ku Cuttack munthu mmodzi yekha ndi amene ankatsuka miyala ya sikelo yake: a Banamali Sahu, ogulitsa mphodza ndi tsabola. Ndiye tangoganizani amene boma linamugwira kuti ndi mbava. Enafe, eni chala chodziwa pokanikiza sikelo, tinkangoonerera.

Miyalayo inali yamkuwa, yosiyidwa ndi malemu bambo awo. M'mawa uliwonse, ngakhale tiyi asanamwe, ankaikwecha ndi bwemba ndi phulusa mpaka mbee, n'kuidontheza ufa wofiira wa kukachisi. Ine wogulitsa anyezi pambali pawo ndinkawaseka: "Achimwene, mlamu wanga Sabitri munayamba mwamutsukako chonchi?"

"Sabitri amasamba yekha," ankayankha choncho osatukula n'mutu womwe.

Koma mkuwa ukamakwechedwa umatha. Chidindo cha boma cha pamiyalapo chinafufutika, ndipo mwala wa kilo unapepuka ndi njere zingapo za mphodza. Woyendera masikelo atabwera anadutsa miyala yathu yakuda bii, n'kukaima pa yonyezimirayo. Analanda yonse, mlandu n'kupita kukhoti.

Loya anawalangiza zanzeru. "Bambo, ingovomerani kuti munkabera anthu. Woweruza akulamulani kukhala pabenchi mpaka khoti liweruke, basi ndende yanu yathera pomwepo."

"Ndivomere kuba? Ineyo?"

"Aliyense amavomera."

"Aliyenseyo ndi wakuba!"

Mlandu unakoka mpaka imvi zinabwera. Oweruza ankasinthana mpando, a Banamali ali pabenchi pomwepo ndi ambulera yawo. Mumsika ankayezera miyala yobwereka, ndipo ana anawapatsa dzina loti Kilo Yoperewera. Tsiku lina ndinawapeza akulira kuseri kwa matumba, ndipo kunena zoona zinandiwawa. Nthawi yonseyi miyala yawo inali gone m'chipinda chosungira umboni, chomwe denga lake limadontha mvula iliyonse.

Mapeto ake woweruza wina anati aione miyalayo. Inatuluka yobiriwira, yomatirira matope ndi zitosi za nkhunda. Atauika wa kilo uja pa sikelo ya boma, eee, kilo ndendende! Khoti linalengeza mwaulemu wonse kuti a Banamali Sahu si mbava, ndipo miyala inadindidwanso, litsiro lili pomwepo.

M'mawa mwake ndinawaona atakhala pamalo pawo, bwemba ali m'manja, phulusa lili m'mbale. Sabitri anawagwira mkono.

"Bambo a kunyumba, mukangoikhudza mwabwereranso kukhala mbava."

A Banamali anauyang'anitsitsa mwala wa bambo awo nthawi yaitali. Kenako anapereka bwembayo kwa mkazi wawo kuti akathire m'ndiwo.

Lero miyala yawo ndi yakuda ngati yathu, ndipo pakakhala palibe wogula amaivundikira ndi nsanza. Pakamwa pangapa sindipagwira, ndiye ndinati, "Takulandirani, achimwene, tsopano ndinu mnzathu." Chichokereni tsiku limenelo sanandipatsenso moni.