A Pensulo ndi Ndodo Yonunkhira

Tsiku limene mayi wina wamasiye anawaona koyamba, bambo amenewa anali atagwada kumbuyo kwa makina aakulu osindikizira, khutu atagunditsa pachitsulo. Mayi wamasiye uja anaima pakhomo ndi ndowa yake yokolopera, osadziwa ngati alowe kapena abwerere. Bambowo, pensulo ili pakhutu linalo, anangokweza dzanja kuti asasokose, kenako anafunsa makinawo, "Apongozi, tanenani bwinobwino, chakupwetekani n'chiyani?"

Amenewo anali a Pensulo, mmisiri wokonza makina, ndipo mumsewu wonse wa mashopu panalibe wosawadziwa. Anayambira kukonza njinga, n'kupita ku makina osokera, imvi n'kuwapeza ali pa makina osindikiza mapulani a nyumba ndi zithunzi zikuluzikulu. Anali ndi ana aakazi asanu, ndipo ankati anawo ndiwo anawaphunzitsa kumvetsera chinthu chong'ung'udza chosatchula vuto lake. Makina alionse kwa iwo anali apongozi.

Mayiyo anali atangotha miyezi iwiri akusesa ndi kupukuta mushopumo, ntchito yake yoyamba chimwalirireni mwamuna wake, ndipo ankaigwira ndi manja awiri. Sabata imeneyo makina anayamba misala. Mpukutu wa pepala, wotalika ngati chitseko chogoneka, unkavekedwa pa ndodo yachitsulo yokhala ndi mphira kunsonga zonse, kuti ndodo ikazungulira nawonso uzungulire. Koma tsopano mapulani ankatuluka opendekeka, zipupa za nyumba zitapindika ngati zaledzera. Abwana a shopu anali atalumbira kuti amene waseweretsa makinawo anyamula zake tsiku lomwelo.

A Pensulo anatsitsa pensulo yawo n'kulemba kamzere kamodzi kuchokera pa katoni ya pakati pa mpukutu kufika pa mphira. Anayatsa makina pang'ono, n'kuzimitsa. Kamzere kaja kanali kataduka pawiri, theka uku, theka uko. Anafotokozera abwana kuti ndodo ikuyenda koma mpukutu ukutsalira, chifukwa ukuterera. Atavula mpukutuwo anayendetsa chala pandodo, n'kuchinunkhiza. Anati pamoyo wawo anaonapo ndodo zopindika, zadzimbiri ndi za mphira wakutha, koma yonunkhira ngati pabalaza tsiku lobwera alendo inali yoyamba.

Mayiyo anakumbukira zimene anachita. Loweruka lapitalo anaona ndodoyo ili pambali, yakuda, ndipo anaipaka polishi wa matebulo, ndi mphira womwe, mpaka anadzionera nkhope. Anapita kunyumba akudzitamandira mumtima. Tsopano palibe amene ankamuyang'ana, ndipo akanatha kungotuluka mwakachetechete ndi ndowa yake. Koma abwana anali atatembenukira kale wosindikiza, bambo wofatsa amene mkazi wake anali atangobereka mapasa, n'kuyamba kumukalipira.

"Ndine, bwana," anatero mayiyo, maso ali pansi. "Ndinapaka polishi. Ndimati iziwala."

Kenako a Pensulo anaphulika kuseka mpaka anakhala pansi, pensulo n'kugubuduka kulowa kunsi kwa makina. Akupukuta misozi anauza abwana kuti chimene chimapha makina amenewa ndi fumbi, ndipo zaka makumi atatu akutsegula makina, aka kanali koyamba kutsegula osayetsemula.

"Mukawachotsa achemwaliwa mundiuze lero lomwe," anatero. "Shopu ya kutsidya kwa msewuku apongozi ake akutsokomola."

Abwana anayesa kusunga nkhope yaukali, koma inawakanika. Anangoti polishi akatsekeredwe mukabati, makiyi asunga okha.

Madzulo amenewo a Pensulo anamupatsa mayiyo kansalu ndi botolo la sipiriti kuti achotse yekha mafuta pa mphira. Anamusonyeza kukankha zotsekera za m'mbali mpaka zitalira kuti khe, ndiponso kulemba kamzere kaja asanayatse. Pulani yoyamba inatuluka zipupa zili chilili, ndipo wosindikiza uja anainyamula m'mwamba n'kuvina nayo kuzungulira tebulo.

Kuchokera pamenepo, kuveka mpukutu inakhala ntchito ya mayiyo. Lachitatu lililonse a Pensulo ankadutsa kudzazonda apongozi. Ankamwa tiyi ataimirira, akusimba za zidzukulu zawo, mayiyo akungomwetulira uku akudula m'mphepete mwa zithunzi. Pang'ono ndi pang'ono nayenso anayamba kuyankhako, mwina mawu awiri, mwina atatu.

Patapita zaka zinayi a Pensulo maso awo anayamba kuchita chifunga, ndipo mwana wawo woyamba anabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye kutali. Tsiku lotsanzika anafika atavala jekete. Anasisita makina aja pamsana, kenako anachotsa pensulo pakhutu n'kuiika m'manja mwa mayiyo.

"Achemwali, apongoziwa ndakusiyirani. Muziwapukuta paliponse, koma pandodo pokhapo asiyeni akhale osadzola."